DENGA NDI DIMBA

Mau kwa aphunzitsi asanayambe maphunziro a chigawo chino

Muwerenge: Yeremiya 29:1-7; 1 Mafumu 21:1-16; Yakobo 2:14-17

1. Funso lathu

Maphunziro a chigawo chino akamba za nthaka ndi zinthu zina zimene Mulungu anatisungitsa. Musanaime pamaso pa ana, ndikupemphani kuti muyambe mwalingalira funso limodzi lovuta. Pakati pa mzinda pali kamalo kamodzi kopanda nyumba. Mabanja osauka okhala m'nyumba za lendi pafupi pomwepo analambula kamaloko, ndipo alimapo ndiwo zamasamba. Koma alipo mabanja enanso osauka amene alibe pogona, ndipo akuluakulu a mzinda afuna kuzula ndiwozo kuti amangepo nyumba. Kodi choyenera pamaso pa Mulungu nchiti, kusunga dimba kapena kumanga nyumba?

Musafulumire kuyankha. Funsoli silopeka ayi. Linagawanitsa anthu a mzinda wa New York ku America kwa zaka zambiri, mpaka linakafika ku bwalo la milandu. Tiyambe taona zimene zinachitika kumeneko, pambuyo pake tidzamve chimene Mau a Mulungu atiphunzitsa.

2. Zimene zinachitika ku New York

M'zaka za m'ma 1970 mzinda wa New York unasauka kwambiri, kotero kuti mu 1975 unatsala pang'ono kulephera kubweza ngongole zake. M'madera a anthu osauka eni nyumba ambiri analeka kulipira misonkho nathawa nyumba zao. Zina zinapsa ndi moto, zina zinagwetsedwa, ndipo malo ake anagwera m'manja mwa boma la mzinda. Malowo anasanduka dzala, potayira zinyalala ndi pobisalira makoswe. Ana a m'nyumba zosanjikizana za pafupi anasowa posewera.

Mu 1973 mai wina dzina lake Liz Christy pamodzi ndi anzake, amene anadzitcha Green Guerillas, anayamba kuponya timibulu tokhala ndi mbeu kuseri kwa mipanda ya malo otayikawo. Kenaka analambula malo amodzi pamphambano ya miseu ya Bowery ndi Houston, nachotsa zinyalala, nathira dothi labwino. Mu 1974 boma la mzinda linawalola kulima pamenepo pa lendi ya dola imodzi pa mwezi. Anthu a madera ena ataona zimenezi anatengera chitsanzo, ndipo mu 1978 mzinda unakhazikitsa nthambi yotchedwa GreenThumb yoyang'anira madimba otere. Ambiri mwa olimawo anali anthu akuda ndi anthu ochokera ku chilumba cha Puerto Rico, amene kwao anazolowera khasu koma mumzinda anakhala m'zipinda za m'mwamba zopanda bwalo.

Patapita zaka mzinda unalemeranso, ndipo malo aja amene kale munthu sakanawatola ngakhale aulere anakwera mtengo. Mu 1999 meya wa mzindawo, Rudolph Giuliani, anakonza zogulitsa madimba oposa 100 pa okushoni, ponena kuti mzinda ukusowa nyumba. Olima anakana, nachita zionetsero, napita ku bwalo la milandu. Litatsala tsiku limodzi kuti okushoni ichitike, mabungwe awiri, Trust for Public Land ndi New York Restoration Project limene analiyambitsa woimba Bette Midler, anagula madimbawo ndi madola oposa 4 miliyoni kuti asagumulidwe. Koma si onse anapulumuka. Mu February 2000 katapila anasalaza dimba lotchedwa Esperanza, dzina lotanthauza chiyembekezo m'Chisipanishi, limene anthu analilima kwa zaka zoposa 20. Mkanganowo unatha mu 2002, pamene meya watsopano, Michael Bloomberg, anapangana ndi loya wamkulu wa boma la chigawocho, Eliot Spitzer, kuti madimba pafupifupi 500 asungidwe, ndipo pa malo a ena pamangidwe nyumba zoposa 2,000.

3. Timve mbali zonse ziwiri

Mphunzitsi wabwino saweruza mlandu atamva mbali imodzi. Amene afuna nyumba anena kuti: mwana sangagone pa bedi la mpiru. Mvula ikagwa ndi chisanu chikafika, banja lopanda denga silithandizidwa ndi maluwa. Dimba limodzi lipindulira mabanja owerengeka, pamene malo omwewo angathe kusenza nyumba yosanjikizana yogona mabanja ambiri. Mau amenewa ali ndi mphamvu. Yakobo atichenjeza kuti kumfunira mbale mafuno abwino, osampatsa zosowa za thupi lake, ndicho chikhulupiriro chakufa.

Amene afuna dimba nao anena kuti: pamene eni chuma anathawa ndi boma linatembenuza msana, ife tinatsala. Tinatola magalasi osweka ndi manja athu, tinatunga madzi, ndipo malo oopsa tinawasandutsa pokumanira agogo ndi adzukulu. Tsono dera litakongola chifukwa cha thukuta lathu, mutichotse kuti apindule ena? Ananenanso kuti mzinda unali ndi malo ena ambirimbiri opanda kanthu, ndiponso kuti pa okushoni wopambana ndi wa ndalama zambiri, amene angathe kumangapo nyumba za lendi yoti wosauka sangaifike. Mau amenewanso ali ndi mphamvu.

Taonani tsono kuvuta kwake kwa funsoli. Sitisankha pakati pa chabwino ndi choipa ayi. Tisankha pakati pa zabwino ziwiri, ndipo mbali zonse ziwiri zilankhula m'dzina la wosauka.

4. Kalata ya Yeremiya

M'chaka cha 597 Khristu asanabadwe, Nebukadinezara anatenga mfumu Yekoniya, akuluakulu ndi amisiri a ku Yerusalemu napita nao ku Babulo. Anthuwa anataya nthaka ya makolo ao, nakhala pa malo a eni. Aneneri onama anawalimbitsa mtima ndi bodza. Hananiya analonjeza kuti zaka ziwiri zisanathe onse adzabwerera kwao. Munthu woyembekeza kusamuka msanga sabzala mtengo, sakonza bwalo, ndiponso safuna kudziwana ndi anansi.

Yeremiya anawalembera kalata yowauza zosiyana. Ukapolo udzatenga zaka 70. Chifukwa chake adzimangire nyumba zokhalamo, atsegule minda kuti azidya za m'menemo, akwatire ndi kukwatitsa ana, ndipo aufunire zabwino mzinda umene akhalamo ndi kuupempherera, popeza mtendere wao wamangidwa pamodzi ndi mtendere wa mzindawo.

Aphunzitsi, yang'anani bwino ndime 5. Nyumba ndi munda zatchulidwa m'ndime imodzi, mwa lamulo limodzi, kwa anthu amodzimodzi. Yehova sanati ayambe apeza denga, za munda adzaziona akadzabwerera kwao. Ndiponso lamulolo silinapite kwa eni nthaka, koma kwa alendo okhala mumzinda wa eni. Apa ndipo pali phunziro lathu lalikulu: munthu sakhazikika ndi denga lokha. Denga limteteza ku mvula, koma munda umpatsa chochita ndi manja ake, chodikira mwezi wa mawa, ndi chogawira mnzake.

Izi sizachilendo m'Buku Lopatulika. Pa Genesis 2 malo oyamba amene Mulungu anampatsa munthu anali munda, ndipo anampatsa pamodzi ndi ntchito youlima ndi kuusunga. Ntchitoyo inaperekedwa uchimo usanalowe, choncho siinali chilango. Inali mbali ya ulemu wa munthu.

5. Chimene dimba lipatsa wokhala pa lendi

Mwina mufunsa kuti, kodi kabedi kamodzi ka ndiwo kangathetse njala ya banja? Sikangathe ayi, ndipo tisanamize ana kuti kangathe. Phindu lake lili pa zinthu zitatu.

Choyamba ndi chakudya chenicheni, chingakhale chochepa. M'madera a osauka a mizinda yaikulu ndiwo zamasamba zatsopano zimadula kapena zimapezeka kutali. Mai wothyola ndiwo kuseri kwa nyumba wapulumutsa ndalama ya sopo kapena ya kope la mwana.

Chachiwiri ndi unansi. Anthu angathe kukhala zaka zambiri makomo oyang'anana osadziwana maina. Koma m'dimba la onse simungalime osalankhulana. Muyenera kupangana za madzi, za mpanda, za wosunga kiyi, ndi za chochita ndi mwana amene waba tomato. Pokangana ndi pokhululukirana pa tinthu totere anthu asanduka anansi, ndipo tsiku la maliro kapena la matenda adziwa khomo logogoda.

Chachitatu, chimene chiposa zonse, ndi ichi: dimba lisandutsa wolandira kukhala wopatsa. Wokhala m'nyumba yotsika mtengo amamva kawirikawiri kuti iye ndi wothandizidwa chabe. Nyumba ndi ya eni, malamulo ndi a eni, sangakhome msomali popanda chilolezo. Mtima wotere ukakhalitsa, munthu ayamba kudziyesa wopanda pake, kapena ayamba kusasamala kanthu kalikonse pamalopo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo wa pa lendi angathe kudziona ngati mame moyo wake wonse. Koma tsiku limene anyamula mtolo wa ndiwo zolima yekha nakapatsa nkhalamba ya pa khomo loyandikana, waimirira ngati munthu.

Ku New York komweko kuli chitsanzo chabwino cha zimenezi. Mu 2013, pakati pa nyumba za boma la mzinda zotchedwa Red Hook Houses m'dera la Brooklyn, panatsegulidwa dimba la ekala imodzi, ndipo achinyamata okhala m'nyumba za boma anaphunzitsidwa kulilima. Okonza dimbalo anaika dongosolo lanzeru. Wokhala m'nyumbazo sanagule ndiwo ndi ndalama, koma analandira akagwirako ntchito, kapena akabweretsa makoko ndi zotsala za kukhitchini zopangira manyowa. Taonani ubwino wake. Gogo amene sangawerame ndi khasu angathe kusunga makoko a mbatata. Choncho palibe anafika ngati wopemphetsa, pakuti aliyense anadza ndi kanthu m'manja.

Pa zaka zanga za uphunzitsi ndinaona chomwechi m'dimba la sukulu. Panali mnyamata wina wosachita bwino m'kalasi, wokhala kumbuyo ndi wosayankha mafunso. Titampatsa bedi lakelake la kabichi, anayamba kufika m'mamawa belu lisanalire kudzathirira. Kabichi wake atamanga mitu kuposa wa anzake, iwo anayamba kumfunsa nzeru. Masamu ake sanasinthe msanga, koma anaphunzira kuyang'ana munthu kumaso polankhula.

6. Chenjezo la Ahabu

Tisaganize kuti aliyense wonena za dimba ali kumbali ya Mulungu. Kumbukirani chimene Ahabu anafunira munda wamphesa wa Naboti. Sanafune kumangapo linga kapena nkhokwe. Anafuna kuusandutsa dimba la ndiwo zamasamba, popeza unali pafupi ndi nyumba yake yachifumu. Chifukwa cha dimba limenelo Yezebeli anakonza mboni zonama, ndipo munthu wosalakwa anaponyedwa miyala.

Nkhaniyi ichenjeza mbali zonse ziwiri. Ichenjeza wamphamvu amene alanda malo a wofooka poyesa kuti chilichonse chili ndi mtengo wake. Naboti anakana ndalama ndi munda wina woposa wake, chifukwa malowo anali cholowa cha makolo. Koma ichenjezanso wolima. Dimba la onse lingathe kugwidwa ndi mabanja ochepa amene anafika poyamba, namanga mpanda, natseka ndi loko, nayamba kuliyesa laolao. Ndiponso anthu opeza bwino angathe kukuwa kuti dimba lisungidwe, pamene mumtima chimene akana ndi kukhala moyandikana ndi osauka. Dimba lotere lasanduka la Ahabu, lingakhale likongole bwanji.

7. Tsono tiyankhe bwanji?

Ine ndiona kuti Mkhristu ayenera kufunsa mafunso atatu asanasankhe mbali.

Loyamba: adzagone m'nyumbazo ndani? Ngati ali mabanja osowadi pogona, pa lendi imene angathe kulipira, mlandu wa nyumba ndi wolimba. Ngati dzina la osauka langotchulidwa kuti malo apezeke, ndipo odzalowamo ndi olemera, kumeneko ndi kulanda.

Lachiwiri: alowa m'dimbamo ndani? Ngati chipata chili chotsegukira aliyense wa m'deralo, ndi wobwera kumene yemwe, dimbalo ndi la onse ndithu. Ngati kiyi ili m'thumba la anthu owerengeka, asalankhule m'dzina la onse.

Lachitatu: kodi palibedi malo ena? Kawirikawiri alipo, koma ndi a anthu amphamvu amene akuluakulu aopa kuwakhudza, ndipo dimba la osauka ndilo lisankhidwa chifukwa eni ake alibe mau.

Mafunso atatuwa akayankhidwa moona, ndipo kwapezeka kuti malo ndi okhawo, nyumba ndi za osowadi, pamenepo denga liyenera kutsogola. Ndinena izi ndi chisoni, koma moyo wa mwana wogona panja ulemera kuposa ndiwo. Ngakhale zili choncho, olima asathamangitsidwe ngati mbava. Auzidwe nthawi ikalipo, aloledwe kukolola, ndipo apatsidwe pena polima. Thukuta lao ndi ngongole imene mzinda uyenera kuivomereza.

Koma tchimo lalikulu lichitika kale mkangano usanabuke, pamene omanga nyumba za osauka awerenga zipinda zokha naiwala bwalo. Pamenepo osauka awiri aikidwa kuti alimbirane kamalo kamodzi, ndipo amene anawapanikiza aonerera patali. Pangano la 2002 linaonetsa kuti mzinda umene unati malo palibe unatha kupeza malo a zonse ziwiri.

Njira yabwino inaonetsedwa kale ndi mai wina wachikhristu wa ku London, Octavia Hill, amene kuyambira 1865 anayang'anira nyumba za lendi za anthu osauka. Iye anakhulupirira kuti banja lopanikizana m'chipinda chimodzi lisowa pokhala panja. Mu 1887, m'dera la Southwark, anakonza munda wotchedwa Red Cross Garden pa malo amene panali fakitale ya mapepala yopsa ndi moto, ndipo pambali pake panamangidwa tinyumba ta lendi yotsika ndi holo yosonkhanamo. Munali maluwa, dziwe ndi posewera ana. Chofunika kwa ife nchakuti malowo anali m'manja mwa akuluakulu osunga chuma cha Mpingo wa ku England. Nthaka ya mpingo inapatsa osauka denga ndi munda pamodzi.

8. Pophunzitsa ana

Ngati muphunzitsa m'tauni, ambiri mwa ana a m'kalasi mwanu akhala m'nyumba za lendi, ena m'malayini a chipinda chimodzi, ndipo ena asamuka kangapo asanamalize pulayimale. Musawafunse pagulu kuti akhala nyumba yotani, kuopa kuwachititsa manyazi. Koma muwafotokozere kalata ya Yeremiya momveka, kuti adziwe kuti Mulungu analankhula ndi anthu okhala pa malo a eni, ndipo sanawayese ochepa. Mwana aphunzire kuti ngakhale nyumba siili ya atate ake, bwalo alisese, mtengo wa papaya aubzale, ndipo mnansi amdziwe dzina. Akadzasamuka, wina adzadya papayayo. Kupatsa nkuika.

Ngati muphunzitsa kumudzi, kumene munda uli pa khomo lililonse, muwathandize ana kuyamika chimene achiyesa chawamba, ndi kukumbukira mai wamasiye kapena mlendo amene alibe polima.

Ndipo ndikupemphani chinthu chimodzi chooneka ndi maso. Pa malo a tchalitchi chanu mwina pali ngodya imene pamera udzu chabe. Kambiranani ndi abusa ndi akulu a mpingo ngati ana a Sande Sukulu, kapena mabanja a pa lendi oyandikana nanu, angalimepo mabedi ochepa a mpiru, bonongwe kapena tomato. Mukaloledwa, pangani malamulo mbeu isanalowe pansi: athirire ndani ndipo tsiku liti, zokolola zigawidwe bwanji, ndi gawo liti lipite kwa odwala ndi okalamba. Wofooka apatsidwe ntchito yolingana ndi mphamvu zake, monga kutola zinyalala za manyowa, kuti asalandire ndi manyazi. Mikangano idzabuka ndithu. Musaiope, pakuti pamenepo ndi pamene ana adzaone ngati zimene muwaphunzitsa m'kalasi zigwira ntchito pa bwalo.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa aphunzitsi

1. Chifukwa ninji Yeremiya anauza akapolo kulima minda m'dziko limene silinali lao?

2. Mukanakhala woweruza pa mlandu wa dimba la Esperanza, mukanafuna kudziwa chiyani musanagamule?

3. Kodi dimba la onse lingasanduke bwanji dimba la Ahabu? Tingapewe bwanji zimenezi pa mpingo pathu?

4. M'kalasi mwanu, ndi mwana uti amene amangolandira nthawi zonse? Mungampatse chiyani choti nayenso apatse ena?

Pemphero

Atate wathu wa Kumwamba, nthaka yonse ndi yanu, ndipo ife tonse tikhala pa malo anu ngati alendo. Kumbukirani mabanja osowa pogona ndi mabanja osowa polima. Patsani nzeru iwo amene agawa malo m'mizinda. Tithandizeni ife aphunzitsi kulera ana odziwa kulima ndi kugawana. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.